Chidole Chofunda Chitenge cha ba Emmy

Mukalowa mumsika wa Kabwata n'kufunsa telala wa madiresi a akwati, aliyense akulozerani kwa ba Emmy Kangwa. Simungasochere. Pakhomo pa kashopu kawo pamaima chidole chovekapo zovala, chitafunda chitenge kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati munthu wa malungo. Ine ndimaluka tsitsi khomo loyandikana nalo, ndipo chotilekanitsa ndi khoma la matabwa, choncho mbiri ya chidolechi ndikuidziwa bwino.

Ba Emmy anabadwira ku Mansa, anaphunzira kusoka ku Kitwe, n'kubwera kuno ku Lusaka ndi makina opalasa ndi mwendo. Dzanja ali nalo, palibe angatsutse. Akakuyang'ana kamodzi adziwa kale pamene diresi lidzakuthine ukakhuta. Pakamwa ndiye osanena, amatha kukuseka mpaka iwe mwini n'kuwathandiza kuseka. Koma masiku ano dzanja lokha silikwanira. Atsikana a ku Woodlands ndi ku Kabulonga sazunguliranso m'misika kufuna telala, amamupeza pafoni ali chigonere. Akwati onse anayamba kupita kwa atelala otchuka ndi mavidiyo, ena mwa iwo osoka mpendero wokhota. Zinkandiwawa kuona makina a ba Emmy ali chete tsiku lonse.

Nawonso anatsegula tsamba lawo. Mavidiyo awo, ndinene zoona, anali ogonetsa tulo. Ankaimika diresi, kulizungulira ndi foni osalankhula kanthu, basi. Oonera tinali ine, mlamu wawo, ndi amayi awiri a kwaya amene amalemba "Amen" pa chilichonse.

"Awe, problem ni madiresi," anandiuza tsiku lina. "Nimaonesa chabe ya ku office. Nikaika ya bride, bantu bazauka."

Mwayi unabwera ndi Tanya, mtsikana wa ku Woodlands, amene anafika ndi azakhali ake, ba Mukuka, kudzasoketsa diresi la kicheni pati. Pamwambo umenewu mkwati amalowa atafunditsidwa chitenge, ng'oma zikulira, ndipo amakhala chifundire mpaka mwamuna wake atabwera ndi alongo ake kudzamuvundukula. Nthungululu zonse za tsikulo zimadikira pamenepo. Tsono ba Mukuka ndi amene amayendetsa miyambo yotere kwa mabanja ambiri a kutchalitchi kwawo. Akayamikira telala, akwati amabwera pamzere. Akapukusa mutu, ungotseka shopu.

Diresi linatuluka lobiriwira, lokongola moti ine ndinasiya mutu wa kasitomala uli theka kukaliona. Ba Emmy chimwemwe chinawapitirira. Tsiku loyesa anajambula Tanya akudzitembenuza pagalasi, ndipo vidiyoyo anaiponya patsamba, mwambo usanachitike. Anthu anaoneradi, ambiri kuposa kale lonse. Pakati pawo panali alongo ake a mwamuna uja, amene sanachedwe kumutumizira. Walira mvula walira matope.

M'mawa mwake ba Mukuka anaimika galimoto pakati pa njira. Moni sanapereke.

"Imwe ba tela, mwavundukula mwana wanga pa foni? Manje pa Saturday mwamuna azavundukula chani? Vamene aona kale?"

Tanya anali m'galimoto akulira. Vidiyo ba Emmy anaifufuta pomwepo, koma madzi akatayika saoleka.

"Nizasoka inangu," anatero ba Emmy. "Kulibe azaiona, olo imwe ba auntie."

"Tizaona," anayankha ba Mukuka, n'kumenyetsa chitseko.

Sabata imeneyo makina analira osapuma. Diresi latsopano linkakhala pachidole, ndipo munthu akangoyandikira ba Emmy ankaliponyera chitenge. Ngakhale ine, mnansi wa zaka zonsezi, anandithamangitsa. Koma foni sanaitaye. Tsiku lina ndinawamva kuseri kwa matabwa akulankhula okha, ndipo nditasuzumira ndinaona aimika foni pashelefu, iwo aima pambali pa chidole chofundacho, manja m'chiuno.

"Muli shani bantu banga? Ndine Emmy, uja anaonesa diresi ya bene. Ninalakwa. Apa pansi pali inangu, koma simuzaiona, olo mulile. Kambani imwe, ni colour bwanji?"

Amayi inu, anthu anadzuka! Wina akuti lofiira, wina akuti lagolide, wina kuwanyoza ndithu kuti mayi wopanda chinsinsi. Ba Emmy ankayankha aliyense pomutchula dzina, m'vidiyo ina, mwendo uli pamakina, ndi pakamwa paja pamene kale ankapabisa m'mavidiyo. Wowanyoza uja anamuuza kuti abwere adzamusokere zipi pakamwa, kwaulere. Ankaonetsa lumo, singano, manja awo akugwira ntchito pansi pa chitenge, koma nsalu ayi. Mayi wina anachita kukwera minibasi kuchokera ku Chelstone kuti adzasuzumire. Anamupatsa mpando, anacheza naye, n'kumubweza osaona kanthu.

"Zaka zonse izi niona ma bride bofunda, bantu bakankhana kuti baone," anandiuza akumeza madzi. "Ine osaganiza. Munthu ukamuonesa vonse, ayenda. Ukafundika, ankala."

Loweruka tinapita tonse ku Woodlands. Ba Emmy anakhala kumbuyo kwenikweni kwa tenti, foni ili m'chikwama, chifukwa ba Mukuka anali asanawalankhulebe. Diresi sankalikayikira, koma mtima unali m'mwamba, ndinaona mmene ankafinyira mpango wawo.

Mwamuna analowa ndi alongo ake, amene anali atauza kale aliyense kuti diresi ndi lobiriwira. Anagwada, nayamba kupinda chitenge pang'onopang'ono kuyambira kumapazi. Chitachoka kumutu, Tanya anaonekera m'diresi la mtundu wa mkuwa, lomugwira ngati anabadwa nalo. Nthungululu zinasweka, oimba ng'oma anachita kuimirira. Mnyamata uja anaiwala kuti m'manja muli maluwa oti apereke, mpaka mlongo wake anamugunda.

Ba Mukuka anaima, maso akuyendayenda m'khamulo. Atatipeza anatambasula dzanja.

"Ba Emmy! Mubisala chani kumbuyo uko? Imwe patukani, bapite. Chosani foni mu chola, manje onesani."

Aka kanali koyamba kuwaitana ndi dzina. Kuyambira pamenepo akwati a ba Mukuka amadzera pakhomo langa popita kwa ba Emmy, ndipo chidole sichivundukulidwa mpaka mwini diresi atavundukulidwa. Mavidiyo abwino ajambula ambiri, owala ndi okhazikika. Koma imene anthu aionera kwambiri mpaka lero ndi ya tsiku limenelo, yogwedera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mayi amene sanakhotetsepo mpendero analephera kugwira foni, chifukwa ankalira.