Achimwene a Dinesi ali m'kaundula wa mavoti

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinapita kusukulu ya ku Kachulu kukatsimikiza dzina langa m'kaundula wa mavoti a makhansala. Mayi wa pakompyuta atalemba dzina la bambo athu anandifunsa kuti, "Nanga a Dinesi awa ndi abale anu?"

Ndi achimwene, omwe aja anasowa panyanja m'ma 90, tinalira maliro opanda mtembo. Akuti analembetsa mwezi watha kwa Kuntumanji.

Chithunzi ndachiona ndi maso angawa. Imvi zili mbuu, koma khutu loduka ndi lomwe lija. Ndipo avala malaya amizeremizere aja tinaika m'bokosi m'malo mwa thupi lawo.

Mayiwo akuti ndikabweretsa umboni wa imfa awafufuta. Amayi athu sindinawauze. Abale, tiwafufutitse, kapena tipite kwa Kuntumanji tikawaone?