Galu ndi Fupa pa Tebulo la Apongozi

Ndinafika ku Glasgow mwezi wa mvula yosakata, a boma la kuno atandipatsa miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo amakhala ku Govanhill, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni. Mwamuna wake ndi mzungu wa ku London, amayendetsa basi. Koma ine ndinadzera mdzukulu wanga, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu amene ndinkangomuona pa foni.

Ine kwathu ana a eni ake ankandithamangira, kudzaza khonde kuti ndiwasimbire nkhani. Wangawanga uyu, patangotha sabata ziwiri, analeka kundipatsa moni.

Kwathu mpongozi suyang'anana naye m'maso. Mukakumana panjira umapatukira kutchire, sudya iye akuona, sukhala naye mphasa imodzi. Ndi ulemu umenewo, mayi anga anachita choncho mpaka kumanda. Tsono m'nyumba ya zipinda ziwiri, makwerero amodzi, upatukira kuti? Ndikakumana nawo apongozi pa makwerero ndinkatembenukira kukhoma mpaka adutse. Akalowa kukhitchini ndinkanyamula mbale yanga kukadyera kuchipinda. Mumtima ndinkati, aone kuti mkazi wawo anachokera kwa anthu.

Tsiku lina ndinafunsa mwana wanga. "Kodi mwanayu ndamulakwira chiyani?"

"Amayi, akuti mumadana ndi adadi ake."

"Ine? Ulemu wonsewu?"

"Ulemu wa khoma? Munthu akupatsani moni inu mukuwerenga njerwa! Kuno zimenezo kulibe, ndakuuzani kangati?"

"Ndiye ukufuna ndizitafuna pamaso pa apongozi ngati mbuzi?"

"Tafunani, Amayi. Palibe amene afe."

Ndinakana. Ndinati mdzukuluyo ndimukopa ndi chizungu. Sukulu sindinapiteko, koma khutu ndili nalo. Amayi a kumpingo ankandiphunzitsa Lachinayi lililonse, ine n'kumasunga m'mutu: dogi ndi galu, apozi ndi chipatso, lofu ndi buledi wathunthu. Ndinkabwereza ndikutsuka mbale.

Koma kunyumba mawuwo sankagwira ntchito. Apongozi akati dogi, mwana ankathamanga kukatenga foni. Galu m'nyumbamo mulibe. Akati apozi, mwana ankatsika makwerero. Mwanayo akalephera masamu, bambo ankamugogoda pamutu n'kunena za lofu, onse awiri n'kugwa nako kuseka. Mawu ndikuwamva, koma nkhani yawo ndili kunja. Ndinkaima kuseri kwa chitseko, manja ali m'chitenje, kumvetsera mdzukulu wanga akuseka ndi munthu amene sindiloledwa kumuyang'ana.

Mwana wanga anandifotokozera kuti ndi kayankhulidwe ka kwawo ku London, ka anthu a m'misika. Agogo awo a apongozi ankagulitsa nsomba, ndipo ankayankhula choncho kuti ogula asamve. "Ngakhale azungu a kuno ambiri amangodziwa awiri atatu," anatero. "Mwanayu amakonda chifukwa ndi za iye ndi adadi ake basi."

"Ndiphunzitse iweyo."

"Ine sindizidziwa. Mwini wake ali pabalaza apo."

Masiku ankatha. Zinatsala sabata zitatu. Ine ndili ndi shuga, miyendo imatupa, ulendo wa ndege ngati uwu sindidzauyendanso, ndikudziwa. Ndinayesa zitumbuwa, mwana analuma kamodzi n'kusiya. Ndinayesa kumuluka tsitsi, anathawitsa mutu. Ndinayamba kumuimbira, anavala zomvera nyimbo m'makutu. Ndinati Mulungu wanga, ndidzafa mwanayu akundikumbukira ngati nkhalamba yoipa mtima imene inkafulatira bambo ake.

Loweruka lina m'mawa mwana wanga ali kuntchito, ndinaphika tiyi makapu awiri. Ndinaima nawo pakhomo la khitchini mpaka anayamba kuzizira. Kenako ndinalowa, ndinakoka mpando, ndinakhala moyang'anana nawo apongozi. Aka kanali koyamba kuona kuti maso awo ndi obiriwira.

Ndinaloza foni yawo. "Dogi," ndinatero. "Tichi mi, ndiphunzitseni."

Bambo uja anaika nyuzipepala pansi. Anauwa ngati galu, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Anatola fupa la nkhuku m'mbale. "Dogi eni boni," anatero, n'kukweza foni. "Foni." Boni, foni. Boni, foni. Anaomba m'manja ngati ng'oma kuti ndimve pamene akugwirizana. Kenako anabisa fupa lija kumbuyo, kutsala galu yekha.

Ndinamva! Umatenga mawu awiri, lachiwiri lomveka ngati chinthucho, ndiye lomwelo umalibisa. Wosadziwa angomva galu.

Tinapita pa makwerero, omwe aja ndinkafulatirapo. Apozi eni peyazi, siteyazi, ndiwo makwererowo. Anadzigwira mutu: lofu ofu buledi, hedi. Analoza mapazi anga otupa n'kunyamula mbale ya nyama, puleti ofu miti, fiti. Pamenepo ndinaseka, chifukwa mapazi anga analidi ngati nyama ya pambale. Anandipatsa buledi wopaka batala. Ndinadya, iwo akuona. Ndinamezera tiyi wozizira, mumtima ndikupepesa mayi anga.

Mwana anali ataima pakhomo, chala chili m'kamwa.

"Apozi eni piyazi," ndinamuuza.

"Peyazi, Agogo!" Anapukusa mutu ngati mphunzitsi wotopa, anabwera, anandigwira chibwano ndi timanja tozizira kuti andikonze kamwa. Chifikireni anali asanandikhudzepo.

Izi akundilembera mayi wina wa kumpingo, kwatsala masiku anayi. Mawu ndasunga asanu ndi anayi. Mawu asanu ndi anayi si nkhani. Za kwathu, za agogo ake aamuna, za mtsinje umene mayi ake ankasambamo, zonse ndibwerera nazo momwe ndinabwera nazo. Miyezi isanu ndinaithera kukhoma. Mchemwali wanga kumudzi sindidzamuuza kuti ndinadya pamaso pa apongozi.

Dzulo ndikulongedza chikwama, mwana anakhala pabedi kundiyang'ana. Anatambasula chala chachikulu ndi chaching'ono, n'kuika dzanja kukhutu.

"Agogo. Dogi. Sande."

Ndinavomera ndi mutu. Anadikira, nkhope itakwinyika. Ndinazindikira kuti akufuna ndimalize.

"Eni boni," ndinatero.

"Sande iliyonse," anatero mayi ake ali pakhomo. "Akuti musadzaiwale."

Sindikudziwa kuti tidzakambirana chiyani mawu asanu ndi anayiwo akatha. Apongozi aweruka masana ano. Ndawaikira kale kapu patebulo, moyang'anana ndi yanga.