Tsiku Limene Amayi Anaona Nkhope Pakati pa Zidole za Phula

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, chifukwa n'chaka chomwe amayi anga anasiya kuseka. Tinkakhala ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, m'nyumba zosanjikizana zija za miyala yofiirira, ife pamwamba penipeni. Bambo ankaphunzira ku yunivesite, amayi ankasamalira odwala pachipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan. Amayi anga ndi munthu wa chikhakhali. Akati aseke, mayi wachizungu wa m'nyumba yapansi ankagogoda denga lake ndi mtengo wa tsache kuti tichepetse phokoso.

Kenaka agogo aamuna, bambo awo a amayi, anamwalira ku Ntcheu. Mapepala a amayi okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, ndiye kupita kumaliro kukanakhala kupitiratu osabwerako. Anthu a kumpingo anabwera, anadzaza pabalaza, anaimba, anapemphera, n'kubwerera kwawo. Amayi anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti malume ajambule nkhope ya agogo bokosi lisanatsekedwe. Akuluakulu kumudziko anakaniza, amvekere malemu sajambula. Amayi anangoti, "Chabwino," n'kuika foni pathebulo. Sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. M'mawa mwake anavala yunifolomu n'kupita kuntchito.

Miyezi inadutsa m'nyumba muli zii. Tsache lija linasiya kugogoda, ndipo ine ndinalisowa. Tsono makani ndinayamwira kwa amayi omwewo, choncho ndinalumbira mumtima kuti ndiwaseketsa, zivute zitani. Ndinayesera kuyenda kwa mkulu wa mpingo wina amene ankakoka buluku lake mpaka pachifuwa. Ndinavala nsapato za bambo n'kuyamba kulalikira kukhitchini. Amayi ankangondisisita mutu n'kufunsa kuti, "Wadya, Tadala?"

Nthawi ya tchuthi, mumzinda munabwera chionetsero cha zidole za anthu otchuka, zazikulu ngati munthu weniweni, zoumbidwa ndi phula lomwe lija amapangira makandulo. Mnzanga wa kusukulu anandiuza kuti amayi ake anaseka mpaka kugwira m'mimba ataona woimba wina atamupotoza mphuno. Ndinati basi, mankhwala ndawapeza. Ndinawakakamira bambo m'mawa ndi madzulo mpaka analola. Ovuta anali amayi.

"Ine wamkuluwamkulune ndikaone zidole? Pitani ndi bambo anu," anatero Loweruka lakelo, atakhala pampando osatembenuka n'komwe.

Ndinatenga jekete lawo n'kukaima nalo pakhomo. Mlongo wanga wamng'ono Dalitso anali atatsika kale masitepe, bambo ankangoyang'ana wotchi, koma ine sindinasunthe. Manja anayamba kuwawa ndili chiimire. Pamapeto pake amayi anapumira m'mwamba, anadzuka, n'kulowetsa manja m'jeketemo.

Kunja kunkagwa mvula yowaza ija ya ku Glasgow, yonyowetsa munthu mwakachetechete. M'holo ya chionetseromo munali kamdima, ndipo munkanunkhira polishi ndi zovala zonyowa. Anali atamanga zingwe zofiira uku ndi uku, kotero kuti anthu ankayenda pamzere mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, akulankhula monong'ona ngati wina wawaletsa. Kuseri kwa zingwezo kunali osewera mpira, oimba, ankhonya, mafumu achizungu ndi akazi awo, onse maso ali tong'o, nkhope zili phuliphuli.

Ndinayamba ntchito yomwe ndinabwerera. Ndinamenyera sawatcha msilikali wa mendulo zambirimbiri. Ndinakunga zibakera pamaso pa wankhonya n'kudzigwetsa ngati wandithidzimula. Dalitso anafunsa mfumu ina ngati ikudziwa komwe kuli chimbudzi. Bambo anaseka mpaka kupukuta magalasi. Nditacheuka kuti ndione amayi, ndinapeza achita chinthu chachilendo. Sikafu yomwe anali atakulunga m'khosi anali ataimanga kumutu ngati duku. Manja anali atawagwirizanitsa kutsogolo, ndipo ankayenda mokwakwaza mapazi. Akafika pa chidole ankachiyang'ana kumaso, n'kuweramitsa mutu pang'ono, n'kupitirira. Bambo atawaona anasiya kuseka ndipo anavula chipewa.

Pakona panali chidole cha mkulu wina wachikuda, woimba lipenga wamakedzana. Anamukhazika pampando, lipenga lili pamaondo, atavala suti yotuwa. Tsitsi linali la imvi zokhazokha, makutu otambalala ngati zogwirira za mphika. Amayi atafika pamenepo anaima. Kenaka anagwada pansi, pasimenti yozizirayo, n'kugwira chingwe chija ndi manja awiri.

"Mayo ine! Bambo anga ine, mwandisiyira yani?"

Kulira kotero ndinali ndisanakumvepo chibadwire. Kunachokera pansi pamtima n'kudzaza holo yonse. Mzere unaima. Mnyamata wina kumbuyo kwathu anakweza foni kuti ajambule, ndipo mtsikana wolondera malowo, atavala zakuda, anayamba kubwera mwandawala. Ine mtima unandiwawa. Ndinawabweretsa kuti adzaseke, ndiye onani zomwe ndinaputa. Ndinathamanga kuti ndikawadzutse, koma bambo anandigwira paphewa.

"Aleke, mwanawe," anandinong'oneza. "Akuona nkhope."

Ndinali ndisanapiteko kumaliro kumudzi, choncho bambo anandifotokozera mwachidule. Kwathu, bokosi lisanatsekedwe, abale amadutsa pamzere mmodzimmodzi kuona nkhope ya malemu komaliza, ndipo amene akufuna kulira amalira pomwepo, palibe womuthamangitsa. Ndinayang'ana zingwe zija, mzere uja, nkhope zosaphethira zija, ndipo ndinamvetsa. Mzere umene amayi anauphonya ku Ntcheu anali ataupeza kuno.

Makani anga aja anangotembenuka n'kuyang'ana kwina. Ndinakaima pakati pa njira, kumbuyo kwa amayi, n'kutambasula manja. Wolondera uja atafika ndinamulankhula m'Chingerezi changa cha ku Dennistoun, chimene amayi ankati chimamveka ngati ndikutafuna miyala.

"Agogo anga anamwalira ndipo amayi sanapite kumaliro. Pano sipadutsa munthu mpaka amalize."

Mtsikanayo anayankha mwaulemu kuti akumvetsa, koma mzere uyenera kuyenda, kunja anthu akunyowa. Ndinamuuza kuti ngati akufuna njira andinyamule. Manja sindinatsitse. Apo mdala wina wachisikotishi amene anali pamzerepo anavula chipewa chake, natembenukira mnyamata wa foni uja n'kumuuza kuti aibweze m'thumba msanga. Wolondera uja anayang'ana amayi, anayang'ana ine, kenaka anamasula chingwe cha mbali ina n'kuyamba kulondolera anthu kuti azidzera kuseri kwa osewera mpira. Anthu anadutsa mwakachetechete, ena ataweramitsa mitu.

Amayi analira mpaka mawu anasasa. Anamuuza mkulu wa lipengayo zonse: kuti jekete lomwe analonjeza agogo analigula ndipo likadali m'sutikesi, kuti Dalitso tsopano akutha kuwerenga, kuti sikuti anakana kubwera. Ine ndinaima chomwecho mpaka mapewa anachita dzanzi. Atamaliza anadzuka okha, anasansa m'maondo, anamina, n'kupita kukamugwira chanza wolondera uja ndi manja awiri monga timachitira kwathu.

Pobwerera tinakwera basi yosanja n'kukhala m'chipinda chapamwamba, tikudya tchipisi chotentha cha m'pepala. Ine ndinkangoyang'ana mvula pazenera, ndikuganiza kuti ndalephera. Tikuyandikira kwathu amayi anatenga tchipisi m'pepala langa, n'kunena motsitsa mawu.

"Makutu aja ndi a agogo ako enieni. Koma lipenga? Bambo anga aja ngakhale mluzu unkawakanika!"

Ndiye chinaphulika chikhakhali chija, chonse chathunthu, mpaka anthu a kutsogolo anacheuka. Madzulo a tsiku lomwelo tsache la mayi wa m'nyumba yapansi linagogodanso denga, ndipo ine ndinagwada n'kumenya pansi ndi chikhatho kuliyankha.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndikudziwa kuti miyezi yonse ija ndinkakankha chitseko cholakwika. Kuseka kwa amayi sikunatayike, kunatsekeredwa kuseri kwa misozi imene inasowa poti igwere. Kuno kutali ndi kwathu zovuta zimatipeza ndithu, ndipo si aliyense amakwanitsa kukwera ndege kukaona nkhope. Ndikamva kuti mnzanga waferedwa, sindipita ndi nthabwala kapena mawu akuti limbani mtima. Ndimapita kukaima pakhomo, kuti mnzangayo alire mpaka amalize.