Mwendo Umene Unakana Thukuta

Kuntchito ankamutcha Chiphwanya, ndipo iye ankavomera. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakhala m'chipinda chapansi cha labu, chopanda windo, ntchito yake ili yophwanya zimene anzake apanga. Akatswiri a m'mwamba ankasakaniza ulusi ndi utomoni, kufunafuna chinthu chopepuka ngati katoni koma cholimba ngati chitsulo. Akachipanga ankatsika nacho atachifungatira ngati khanda. Mayiyu ankachimanga pa makina, kuchikoka, kuchipinda, kuchiponda mpaka chilire, kenako n'kulemba pamene chathyokera. Anthu omupatsa moni ndi mtima wonse anali owerengeka.

Kunyumba ankakhala ndi achimwene ake, ometa tsitsi, amene anadulidwa mwendo wamanzere pansi pa bondo chifukwa cha matenda a shuga. Kuchipatala anawapatsa mwendo woikirira wolemera makilogalamu atatu ndi theka. Iwo ankautcha apongozi.

"Amandilemera, amandipweteka, koma sindingawavule pagulu," ankatero, makasitomala n'kumafa ndi phwete.

Kunyumba kunalibe woseka. Wometa amaima tsiku lonse, ndipo pofika madzulo podulidwapo pankakhala potupa, khungu litasupuka. Ankavala masokosi atatu pamalopo, onse n'kunyowa chipichipi ndi thukuta. Wochapa anali mlongo wawoyo, poti mlamu wake anamwalira kalekale.

Chiphwanya analakwa chimodzi: pakamwa. Tsiku lina anawauza kuti a Dokotala, mkulu wa kafukufuku, ayamba kupanga mwendo wa ulusi wa kaboni wosakwana kilogalamu imodzi. Kuyambira pamenepo "wadzuka bwanji" anatha m'nyumbamo. M'mawa uliwonse funso linali limodzi: "Wafika pati mwendo wanga?"

Malamulo ankati mwendo uponde pa makina maulendo mamiliyoni awiri osathyoka, zimene zinkatenga milungu itatu ndi kanthu. Woyamba unathyoka tsiku lachiwiri. Wachisanu ndi chiwiri unang'ambika pachidendene. Ina inkapirira milungu iwiri, anthu n'kuyamba kutsika masitepe akumwetulira, kenako thwa! Zaka zitatu zinatha choncho. Phokoso la makinawo linamulowa m'mutu moti ngakhale posenda anyezi ankapezeka akuwerenga.

Nambala 41 unapirira mpaka kumapeto. A Dokotala, munthu wosaseka wamba, anavina pakati pa chipinda atanyamula mwendowo ndi zala ziwiri. Anthu khumi oyamba kuuyesa anali atalembedwa kale, achimwene aja ali pa nambala yachitatu. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa patatha miyezi inayi, ndipo iwo anali atauza barbershop yonse kuti adzavina mpaka oimba atope.

Pepala lovomereza mwendowo, lofuna siginecha ya Chiphwanya, linakhala patebulo masiku awiri. Tsiku lachitatu Chiphwanya anakwera m'mwamba.

"A Dokotala, ndipatseni mnzake wa 41. Ndikufuna ndiunyike m'madzi ofunda amchere mwezi umodzi, ndiye uponde."

"Malamulo sanena zimenezo, mayi."

"Malamulo sachapa masokosi. Ine ndimachapa. Mwendowu sukakhala mu labu, ukakhala m'thukuta kuyambira m'mawa mpaka madzulo."

A Dokotala anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Mukudziwa kuti achimwene anu ali pa mndandanda?"

"N'chifukwa chake ndakwera masitepe onsewa."

Mwendo wonyikidwawo unathyoka tsiku lachisanu ndi chinayi, cha m'ma leveni koloko. Madzi anali atalowerera pakati pa ulusi ndi utomoni, ndipo pakakolo panasendeka ngati masamba a buku lonyowa. Kachidutswa kakuthwa ngati singano kanauluka n'kukazika m'pulasitiki yotchinga makina. A Dokotala anakayang'ana nthawi yaitali.

"Mwachita bwino," anatero. "Koma sabata ino musandiyankhule."

Kwa achimwene sanadikire kuti akafike kunyumba. Anawapeza akumeta bambo wina, mutu utatha mbali imodzi. Atawauza za mwendowo, iwo anazimitsa makina ometera.

"Unaunyika m'madzi? Dala? Kodi ine ndine nsomba?"

"Mumatuluka thukuta, achimwene."

"Unakhoza mayeso, iwe n'kuupangira mayeso ena! Ngakhale mphunzitsi wankhanza sachita zimenezo."

"Ukanakuthyokerani pamsewu. Mwina pa masitepe."

"Thukuta ndi langa, mwendo ndi wanga, kugwako kukanakhala kwanga. Unandifunsa?"

Sanawafunse. Bambo wometedwa theka uja anakhosomola n'kunena kuti iye angathe kubweranso mawa.

Pa ukwati achimwene anamuperekeza mwana wawo akutsimphina, nkhope ili gwa. Nyimbo yoyamba isanathe anakhala pansi, ndipo sanaimirirenso tsiku lonselo. Chiphwanya anaona magazi atadontha pa nsapato koma sanayandikire. Miyezi iwiri sanalankhulane. Masokosi ankachapa okha, osayera, n'kumawayanika pa windo la kuchipinda kwawo kuti iye awaone.

Kuntchito nako sikunali kopumira. Akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti chipangizocho n'chabwino ndithu, chingofunika ntchito ina. Anachipereka kwa opanga mipando ya mabasi ndi mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo. Makina opondera a Chiphwanya anayamba kuyesa mipando milungu itatu pa mwezi. Za mwendo anati zipitirire mpata ukapezeka. Mu lipoti lalikulu munali chiganizo chimodzi chonena za madzi amchere, chopanda dzina la munthu. Iye anachiwerenga kawiri, n'kuika lipotilo pansi pa mwendo wa tebulo limene linkagwedera.

Utomoni watsopano wosalowa madzi Chiphwanya ankaudikira miyezi. Ukabwera, mpata wa makina kulibe. Mpata ukapezeka, a Dokotala ali kumsonkhano. Ankayesa miyendo nthawi ya nkhomaliro, kuimanga ndi kuimasula yekha, mpaka mapewa anayamba kumuvuta.

Patatha chaka ndi theka foni inalira ali pakati posintha mafuta a makina. Anali achimwene, kumbuyo kukumveka injini.

"Ndili m'basi. Dalaivala akudzitama kuti mipando yake njatsopano, yopepuka, basi sikumwanso mafuta ambiri. Ndi zanu zija?"

"Ndi zathu."

"Ndiye mwendo wanga anthu akuukhalira ndi matako?"

Chiphwanya anapukuta manja pa ovololo. Sanadziwe ngati aseke.

"Nambala 63 uli pa makina, achimwene. Wonyikidwa kale. Lero ndi tsiku lakhumi ndi chimodzi."

"Usandiuze manambala. Ukadzabwera nawo m'manja ndidzaona ndekha." Kenako anaonjeza kuti, "Koma mpandowu ngwabwino, asa. Mpaka ndapitirira potsikira."