Madala Okana Kuloza Chisa

Madala operekeza alendo m'nkhalango amayenda ngati akuopa kudzutsa khanda. Mlendo akataya pepala sakalipa, amangowerama n'kutola, manyazi n'kumugwira yekha mwiniwakeyo. Mawu awo ndi amodzi: "Kuno tonse tili kwa eni."

Tsiku lina mayi wina wa kamera yaikulu anachonderera kuti amuonetse chisa cha mbalame yosowa imene inali itangoswa. Madala anapukusa mutu.

"Mayi, inuyo mutachira dzulo, mungalole anthu khumi kudzakusuzumirani kuchipinda?"

Mayiyo anabwerera kwawo ali ndwii, wopanda chithunzi.

Chaka chotsatira anabweranso. Madala anamukodola, n'kumulozera mbalame zitatu panthambi.

"Ana aja ndi awo," anatero monong'ona. "Jambulani tsopano, akula."