Kapiritsi ka Asipilini ndi Pathupi Pachitatu

Ndidapita padera kawiri ndisanakwanitse zaka zitatu m'banja. Ulendo woyamba anthu adati zimachitika, ndikadali mwana. Wachiwiri udandipeza ndikupalira chimanga kumunda wathu kufupi ndi Manjawira, mimba ili ndi miyezi itatu. Ndidangomva kutentha kukutsika m'miyendo, ndipo ndidadziwa ndisanayang'ane. Amuna anga, omwe amapalasa kabaza, adanditenga pa njinga mpaka pamsewu waukulu, tidakwera minibasi ya ku boma.

Dokotala amene adandiona anali mayi wovala magalasi, wolankhula mosathamanga. Adanditenga magazi ulendo umenewo, adanditenganso patapita miyezi. Kenako adandiuza kuti magazi anga akuoneka kuti amafulumira kuundana, ndipo mwina ndi zimene zimatseka njira ya chakudya cha mwana m'mimba. Adandilembera asipilini wamng'ono, osati uja timagula mugolosale mutu ukamawawa. Adati ndizimwa kamodzi pa tsiku nditadya, kuyambira nthawi yomweyo ndisanaime. Sadandilonjeze chilichonse. Adangonenetsa kuti ndikaona magazi osaleka, ndibwerere tsiku lomwelo.

Mawu amenewo ndi amene ndidapita nawo kunyumba. Munthu amene vuto lake ndi kutaya magazi, amupatsa bwanji mankhwala osungunula magazi? Kapiritsiko kanali kakang'ono ngati njere ya mapira, koma m'mawa woyamba ndidakagwira m'manja mpaka phala lidazizira. Nditameza, ndidakhala pakhonde kumvetsera thupi langa ngati pali chimene chiduke mkatimo.

Patapita milungu iwiri ndidadzicheka chala ndikusenda kachewere. Bala lake linali losaoneka n'komwe, koma magazi adapitirira kudontha kuposa mmene ndidazolowerera. Ndidamanga ndi kansalu, kansaluko kadafiira. Ndidakhala pansi pafupi ndi mbaula. Magazi adaleka okha. Tsiku lotsatira ndidafuna kusiya mankhwalawo, koma amuna anga adati ngati tisiye, tikasiyire pamaso pa dokotala, osati m'nyumba mwathu muno.

Tinkakhala kwa amuna anga, pafupi ndi nyumba ya amayi awo. Apongozi angawo anali amasiye. Amuna awo adagwira ntchito zaka zambiri kumigodi ya ku Joni, adabwerako ndi chifuwa chimene chidawatenga. Mwa ana awo onse, wamwamuna yemwe adatsala anali amuna angawa, ndipo mdzukulu ankamudikira osabisa. Za mankhwalawo tidagwirizana kuti tisawauze. Ndinkawasunga m'chitini cha singano ndi ulusi.

Tsiku lina masana, ndikuchokera kumjigo, ndidawapeza atakhala pampando m'nyumba mwanga, chitini chili chotsekula pamiyendo. Adabwera kudzafuna singano. Kapepala ka mapiritsi kanali m'manja mwawo, mabowo a masiku amene ndidamwa ali pamzere.

"Inu, mdzukulu wanga mukumutsekera ndi zimenezi?"

Ankayesa ndi mapiritsi olera. Ndidatula ndowa, ndidagwada, ndidayesa kufotokoza, koma mawu ankatuluka opanda mutu. Iwo sadziwa kuwerenga, ndipo adati mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku munthu asakudwala amawadziwa bwino ntchito yake. Adati ayitana ankhoswe. Ndidaona banja langa likutha pa chinthu chimene ndinkamwa kuti ndilisunge.

Amuna anga atabwera sadakangane ndi amayi awo. Adangowapempha kuti tsiku langa lokaonana ndi dokotala likafika, atiperekeze akamve okha.

Adapitadi, atavala duku lawo la kutchalitchi. Dokotala adafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, iwo akumvetsera, manja pamiyendo. Ndinkayembekeza kuti afunsa za mdzukulu. Atapatsidwa mpata adaloza ine, adati, "Adokotala, mwanayu ndi wa eni ake. Sadzatha magazi pobereka?"

Dokotala adati n'chifukwa chake azindiona pafupipafupi, ndipo nthawi ikamayandikira adzandiuza tsiku losiya. Tidakwera minibasi kubwerera kunyumba. Apongozi anga kupepesa sadapepese. Koma kuyambira m'mawa wotsatira ankaima pakhomo panga asanapite kudimba, n'kufunsa, "Mwamwa?"

Ndidaima m'mwezi wachisanu wa mankhwalawo. Sindidakondwere ngakhale pang'ono. Ulendo uliwonse wa kuchimbudzi ndinkapita ngati wopita kukamva uthenga wa maliro. Ndidaleka kusenza madzi, ndidaleka kusinja, ndinkatsika pakhonde ngati nkhalamba. M'mimba mukangopota chifukwa cha nyemba, thukuta linkatuluka thupi lonse.

Mwezi wachitatu wa mimbayo, Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi, ndidamva kunyowa. Ndidalowa kuseri kwa kalasi ya ana, ndidapeza timadontho tiwiri tofiirira. Ndikukumbuka kuti anthu ankapatsana moni panja, kwaya ikumaliza nyimbo, ine nditagwira khoma ndi manja onse awiri. Mumtima ndidati ndadzipha ndekha ndi kapiritsi kaja. Amuna anga adapalasa njinga osapumira mpaka pamsewu, apongozi akutitsatira pa kabaza wina.

Kuchipatala adandigoneka, namwino adandipaka mafuta ozizira pamimba, n'kuyendetsa kachipangizo kounikira. Ndidatembenukira kukhoma. Sindidafune kuona nkhope yake ikusintha monga ndidaonera ulendo wapitawo. Adaunika nthawi yaitali, kenako adandigwira phewa.

"Mayi, tayang'anani kuno. Mukuona kakuphethiraka? Ndi mtima."

Ndidayang'ana, ndidakaona, koma mantha sadachoke. Adangosendera pang'ono kuti ndipume. Dokotala adati ndipitirize kumwa, ndipo ndidapitiriza, mwezi ndi mwezi. Mwana atayamba kugunda m'mimba ndidapeza choopa chatsopano: akakhala chete theka la tsiku, ndinkamwa madzi ozizira n'kugonera kumanzere mpaka atagunda. Tsiku losiya mankhwala litafika, ndidaopanso kusiya chimene ndinkaopa kuyamba.

Milungu yomaliza ndidakadikirira kuchipatala, apongozi ndi amene ankandiphikira. Mwana adabadwa masana, mvula ikugwa, wamkazi. Magazi adatuluka ochulukirapo, ndidaona anamwino akuyenda mofulumira, wina akundikanikiza pamimba mwamphamvu, wina akundibaya jakisoni pantchafu. Mwana ankalira chapatali, ine ndikupempha Mulungu kuti ndingomugwirako. Patapita kanthawi namwino wamkulu adati zaleka, adamuika pachifuwa panga.

Ngati ndi kapiritsiko kadamusunga, kapena akadabadwabe popanda iko, sindidziwa, ndipo dokotala naye adati sangalumbire. Chifukwa cha mantha, miyezi yonseyo sindidagule ngakhale kachipewa ka mwana, choncho tidamukulunga mu chitenje changa. Amuna anga adathamangira kumsika wa paboma mvula ikadagwa, adabwera atanyowa, atanyamula madiresi atatu a pakaunjika. Onse anali aakulu. Loyamba mwanayo adayamba kulivala atayamba kale kukwawa.