Mawu Atatu a Dokotala Chifunga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha Chizungu cha kusukulu ya mishoni, chimene kunena zoona chinali chongokwanira kupempha madzi akumwa. Nkhondo ya Majeremani inali isanayambe. Womasulira wa dokotala wa pa Boma ku Dedza anali atapita ku Halale, ndipo aphunzitsi anga anandigwira padzanja n'kukandipereka. Dokotalayo tinkamutcha Chifunga chifukwa cha utsi wa kaliwo wake.

M'mawa uliwonse ndinkawiritsa timipeni ndi zopanira mumphika, kuchapa mabandeji n'kuwakulunga, ndi kusungunula m'beseni mankhwala ofiirira otsukira zilonda. Kagalasi kopimira kutentha kwa thupi ndinkakagwira ngati dzira, pakuti kanalipo kamodzi kokha. Odwala akafika ndinkaima pakati: wodwala anene, ine ndipereke kwa mzungu, mzungu ayankhe, ine ndibweze. Wa malungo ankalandira kwinini, womangika m'mimba mafuta a nsatsi. Pamenepo panalibe chovuta.

Chovuta chinali mawu atatu amene dokotala ankatchula akapima n'kulephera. Akati "obscure", ndiye kuti nthendayo akuiona mwachimbuuzi, mwina mawa aizindikira. Akati "unknown", ndiye kuti m'mabuku ake onse mulibe. Akati "mystery" ankangokweza mapewa n'kukasamba m'manja. Ine mawuwa ndinkawaloweza monyada, ndikumawatchula pamaso pa anzanga kuti andione. Sindinaganize kuti m'chinenero chathu onse atatu amanena chinthu chimodzi, choti munthuyo sakudziwa.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu, nkhungu itaphimba phiri, kunabwera a Filipo a ku Chongoni atanyamula mwana wawo wamkazi wongosiya kumene kuyamwa. Mwanayo anali atatupa miyendo ndi nkhope. Pambuyo pawo panali akazi awo, ndi mlongo wa akaziwo, atsibweni a mwanayo, amene sanapereke moni kwa munthu. A Filipo anali mkamwini pamudzipo. Anandikokera pambali.

"Mwana wanga, uwapemphe azunguwo atchule dzina la nthendayi," anatero chapansipansi. "Kumudzi akuti ndi mdulo. Akuti ndine ndamudula mwanayu."

Kwathu mwana akatupa chotere ankati bambo wake wayenda ndi mkazi wina, ndipo mkamwini wopezeka ndi mlandu umenewo ukwati unkamuthera pompo.

"Ine sindinayende ndi munthu," anawonjezera. "Ndalumbira ngakhale kutchalitchi, koma sakumva."

Dokotala anadina mwendo wa mwanayo ndi chala, pamalopo panatsala kadzenje. Anamvera m'chifuwa, anayang'ana m'maso, anawiritsa mkodzo wake m'kabotolo pa kanyali. Anatenga nthawi, ndipo ndinaona kuti akuyesetsadi. Kenaka anakweza mapewa n'kunena liwu lachitatu lija.

Ndinamuchonderera m'Chizungu changa chothyokathyoka kuti atchule nthenda iliyonse, kaya malungo, kaya njoka za m'mimba, bola likhale dzina.

"Sinditchula nthenda imene sindinaione," anayankha. "Uwauze zimene ndanena."

Sanali munthu woipa. Kwa iye kumeneko kunali kunena zoona, ndipo anatembenukira kubeseni. Ine ndinatembenukira kwa anthu aja.

"Akuti sakuidziwa," ndinatero.

Atsibweni aja anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mwamva, alamu? Mzungu ndi magalasi ake waisowa. Nanga nthenda yosaoneka pagalasi timati n'chiyani?"

Mayi uja analanda mwana m'manja mwa amuna ake, osawayang'ana n'komwe, n'kumubereka. Anatsetsereka ndi mlongo wake kulowa m'nkhungu. A Filipo anatsala pakhonde, manja ali lende.

"Mzunguyu ali ndi mawu ambiri," anandiuza. "Palibe limodzi lonena kuti si ine?"

Ndinasanthula onse amene ndinaloweza. Panalibe.

Mwanayo anamwalira sabata yomweyo. Maliro atatha, a Filipo anapeza mphasa ndi khasu lawo zili panja. Ena amati anawolokera kwa Apwitikizi. Sindinamvenso za iwo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ndinakhalitsa pa ntchito imeneyo, ndipo anyamata amene ndinkawaphunzitsa kumasulira ndinkawauza chinthu chimodzi. Usanatsegule pakamwa uziyamba wayang'ana amene waima kumbuyo kwa wodwala. Mzungu akati sakudziwa, iye wamaliza ntchito yake. Kwathu imfa siibwera yokha, ndipo dokotala akasowa dzina la nthenda, abale amapeza dzina la munthu.